Lipoti la ku msonkhano wa osunga makompyuta ndi makina a magemu akale

A wapampando, a mlembi, a msungichuma ndi nonse a m'gulu lathu, ndabwerako kumene munandituma. Ena mwandiimbira kale kufunsa kuti ndagula chiyani. Sindinagule kanthu. Komiti inati ndikaone, ndikafunse, ndibwere ndi maganizo a makina amene tingadzaike patebulo tsiku la ana athu, ndipo ndachita zomwezo. Marisiti a sitima ndi a pakhomo ndapereka kale kwa a msungichuma.

Msonkhanowo unali wa Loweruka, mu holo ina kuno ku England. Ambiri anali abambo a imvi zawo, aliyense ndi tebulo lake, mawaya ali balala pansi, holo yonse ikununkha fumbi lotentha la m'ma TV akale. Nkhani ya tsikulo sinali mphamvu za makinawa ayi, inali maonekedwe: ndi ati amene amakoma m'maso, ndipo chifukwa chiyani? Ine ndinapita ndikuganiza kuti ndi nkhani ya makonda basi, uyu amakonda chofiira uyo chakuda. Ndabwera ndasintha maganizo. Pafupifupi chilichonse chimene anthu aja ankachitama kuti n'chokongola chinabadwa chifukwa wina anapanikizika, kaya ndi mtengo, kaya ndi mantha akuti ogula akana, kaya ndi funso loti chinthucho chikakhala pati m'nyumba.

Tebulo loyamba pakhomo panali Atari 2600 ya 1977, ija ya masiwichi asanu ndi limodzi, kutsogolo kwake kooneka ngati thabwa lopakidwa vanishi. Ndinagogoda ndi chala. Ndi pulasitiki. Mwini wake anaseka, n'kundifotokozera kuti masiku amenewo ku America ma TV ndi mawailesi a pabalaza ankabwera m'mabokosi a matabwa, ndiye makinawa anawaveka chovala cha mipando kuti mayi wa pakhomo asawathamangitsire ku chipinda cha ana. Pofika 1982 thabwa lija analichotsa, chonse chinada bii. Fasho inali itapita.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa ZX Spectrum, ndipo pochita chisankho chokweza manja masana, ndi iyo inapeza manja ambiri. Mwina n'chifukwa choti tinali ku Britain, kwawo kwenikweni. Inatuluka mu 1982 ku kampani ya Sinclair Research ya ku Cambridge, ndipo ankaipanga ku fakitale ya Timex ku Dundee, ku Scotland. Bambo wina wachikulire anandiika m'manja yake osandifunsa n'komwe. Kuchepa kwake kunandidabwitsa: masentimita 23 m'litali, 14 m'lifupi, kulemera kwake kungopitirira pang'ono theka la kilogalamu. Mukhoza kuibisa pansi pa buku la nyimbo. Ndi yakuda, ndipo pakona ya kumanja pansi pali timizere tinayi topendekeka ngati utawaleza, kofiira, kachikasu, kobiriwira ndi kabuluu. Timizereto tinali uthenga kwa wogula: ZX81 imene inaitsogolera inkaonetsa zakuda ndi zoyera zokha, iyi ili ndi mitundu.

Koma nkhani ili pa mabatani. Ndi a labala, otuwa, ndipo ukadina amabonyoka ngati chofufutira cha pensulo. Si mabatani osiyanasiyana ayi, ndi chinsalu chimodzi cha labala chimene chinaumbidwa ndi timabampu makumi anayi, n'kuchiphimba ndi kachitsulo kobowola. Amene anajambula maonekedwewa anali Rick Dickinson, ndipo ntchito yake inali yoti mtengo usakwere, poti kiyibodi yeniyeni ya masipuling'i ili ndi tizidutswa mazanamazana. Zinatheka: ya memore yochepa (16K) inkagulidwa £125, ya memore yochulukirapo (48K) £175. Pa batani lililonse ndi m'mbali mwake analembapo mawu angapo, ena oyera, ena ofiira, ena obiriwira, chifukwa batani limodzi linkalemba liwu lathunthu la BASIC, chinenero cholamulira kompyutayo. Ukadina P pamatuluka PRINT, ukadina J pamatuluka LOAD. Poyamba zimaoneka ngati chipwirikiti, koma ndinaona kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zinayi, kamdzukulu ka wina wa komweko, kakuwerenga mabataniwo ndi chala mpaka kanalembetsa dzina lake pa TV kambirimbiri. Palibe anakauza. Kiyibodiyo ndiyo inali buku lake. Pamenepo ndinakumbukira cholinga cha tsiku lathu lija.

Moyang'anana nayo panali BBC Micro ya kampani ya Acorn, ya kumapeto kwa 1981. Iyi ndi nkhani ina: yaikulu, yolemera, ya mtundu wa kirimu, mabatani akuda enieni, ndi mzere wa mabatani ofiira khumi pamwamba. Mtundu wake wotchedwa Model B unafika pa £399, kuposa Spectrum kawiri, ndipo boma linkalipirako theka kuti masukulu agule. Anaimanga kuti ipirire zibakera za ana a sukulu, ndipo zikuonekera. Ngati wina afunsa kuti zakalezi zikutikhudza bwanji lero, muuzeni kuti anthu omwewa a Acorn ndi amene anapanga purosesa ya ARM mu 1985, ndipo zidzukulu zake zili m'mafoni amene muli nawo m'matumbamo.

Chizindikiro cha BBC Micro ndi kadzidzi wojambulidwa ndi timadontho. Kwa anzathu kuno kadzidzi ndi mbalame ya nzeru. Ndinawauza kuti kwathu akalira padenga usiku anthu sagona, ndipo agogo anga sakanalola chinthu chokhala ndi kadzidzi kulowa m'nyumba. Anaseka mpaka wina anatsamwa tiyi. Ndiye taonani zimene zinachitika: pasanathe theka la ola, BBC Micro ina ya patebulo lachitatu inangoti thu! Utsi woyera tolo, fungo loipa ngati pepala lonyowa likupsa. Ine ndinali nditafika kale pakhomo. Eni ake sanatekeseke, wina anangozula pulagi, ena akuwomba m'manja. Akuti ndi makapasita (tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi) akale a m'bokosi la magetsi, amene chikopa chake chimang'aluka ndi ukalamba, chinyezi n'kulowa. Aliyense wosunga makinawa amadziwa kuti uyenera kuwasintha usanayatse. Ndikulemba izi kuti tisadzaone zotere muholo muli ana.

Tsopano ku makina amene ambiri a ife tikuwadziwa, ngakhale sitinkadziwa dzina lake. Mukukumbukira ma TV gemu aja a makatiriji achikasu olonjeza magemu mazanamazana, koma ukayatsa n'kupeza ndi omwewo akungobwerezedwa? Ambiri mwa iwo anali okopera Famicom ya Nintendo, imene inatuluka ku Japan pa 15 July 1983. Ndinaiona yeniyeni koyamba. Ndi yaing'ono, yoyera ndi kufiira kodera, yooneka ngati choseweretsa mosabisa. Mapadi ake awiri ndi omangirira, sachoka, ndipo ali ndi malo ake owakhazika m'mbali. Padi yachiwiri ili ndi maikolofoni. Katiriji imalowa pamwamba, chilili.

Pafupi nayo anaika NES, imene m'kati mwake ndi makina omwewo koma anawasintha chovala popita nawo ku America mu 1985. Kumeneko msika wa magemu unali utagwa mu 1983, eni masitolo sankafuna n'kumva komwe za magemu. Ndiye Lance Barr wa ku Nintendo of America anajambula bokosi lotuwa, la makona, lokhala ndi kachitseko kutsogolo ngati vidiyo ya makaseti. Umalowetsa katiriji chogona n'kuikanikizira pansi. Zinagwira, anthu anagula. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukanikiza kuja kumapinda pang'onopang'ono timano 72 togwira katiriji, mpaka gemu imayamba kukana, getsi lofiira likungophethira. Mwambo wouzira mpweya m'katiriji, umene tonse tinkachita ngati mankhwala, akuti sunkathandiza. Chimene chinkathandiza ndi kuzula n'kubwezeretsa, pamene chinyezi cha m'kamwa chinkangowonjezera dzimbiri. Ndinakhala chete, poti ine ndinali katswiri wouzira pamudzi pathu. Pa ziwirizi mtima wanga uli pa Famicom. Sinamizire kukhala chinthu china.

Mtsutso umene unatentha kwambiri unali wa chikasu. Pulasitiki ya makina ambiriwa imasanduka yachikasu ikakalamba, chifukwa cha mpweya, kutentha ndi kuwala kwa dzuwa. Panali Super Nintendo ina imene chigamba cha pamwamba chinali ngati dzino la wosuta fodya pamene cha pansi chinali chotuwa bwinobwino. Gulu lina limapaka hydrogen peroxide n'kuyanika padzuwa kuti ziyere. Gulu lina likuti kutero n'kudzinamiza, chikasucho chimabwerera pakapita zaka, ndipo ukalakwitsa pamatsala mawanga osachoka. Mayi wina, mmodzi mwa amayi ochepa amene analipo, anafunsa ngati amuna aja amadayanso imvi zawo. Ine ndili mbali ya mayiwo. Tikapeza makina achikasu, tiwapukute ndi sopo basi.

Zina ndingodutsamo. Commodore PET ya 1977 ndi ya chitsulo ndipo imatsekuka ngati boneti ya galimoto, ndi kandodo kake kochirikizira. Amakaniko a m'gulu lathu akanaikonda, koma kuinyamula n'kofuna anthu awiri. Macintosh ya 1984 ili ndi pogwirira pamwamba, ndipo m'kati mwa bokosi lake munadindidwa masiginecha a amene anaipanga, pamalo pamene wogula sakanaona. Vectrex ya 1982 imabwera ndi sikirini yakeyake yoimirira yojambula ndi mizere yowala, ndipo mitundu imachokera pa kapulasitiki kamene umaphimba pagalasi. Imeneyi ndiyo inandikomera kuposa zonse, koma mtengo umene ndinamva ndinangomeza malovu. Mega Drive yakuda ya malemba agolide akuti 16-BIT inali ndi oikonda ambiri. Kwa ine imadzitama kwambiri, ngakhale ndivomere kuti anyamata athu akanathamangira pomwepo. Gawo la makompyuta a Amiga ndinaliphonya, ndinali pamzere wa chakudya. Pepani.

Maganizo anga ku komiti ndi awa. Tisamwaze ndalama pa zinthu zambiri zongoyang'ana. Tigule Spectrum imodzi ya mabatani a labala, poti zilipo zambiri kuno ndipo zipangizo zake zosinthira zikupangidwabe, kuphatikizapo kapepala ka pansi pa mabatani kamene kamakonda kuthetheka. BBC Micro tisagule: bambo wina wa komweko, mphunzitsi wopuma, wati akhoza kutibwereka yake yosinthidwa kale makapasita, bola abwere nayo yekha ndipo timupatse nsima, akuti anamva mbiri yake. Famicom ndi NES ndikufuna zikhale pamodzi patebulo limodzi, kuti ana aone okha kuti chinthu chimodzi chikhoza kuvala mosiyana malinga ndi kumene chikupita. Ngati wina mwa inu anasunga TV gemu ya kumudzi ija, ngakhale yakufa, abwere nayo tiike pakati pa ziwirizo.

Pali zovuta ziwiri zimene sindinazithetse. Choyamba ndi TV. Makinawa anapangidwira ma TV akale a chimimba, ndipo pa ma TV atsopano chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino, pena osatuluka n'komwe. Anandilangiza kufunafuna TV yaing'ono ya mainchesi 14. Funsani m'magalaja mwa anzanu a kuntchito musanapite kogula. Famicom ya ku Japan imafunanso magetsi a 100V, ndiye siilowa pa soketi ya kuno popanda adaputala yoyenera. Chachiwiri, maholo ambiri kuno amafuna kuti chilichonse cholowa pa soketi chiyezedwe kaye ndi wodziwa zamagetsi. A mlembi, chonde mufunse eni holo yathu ngati lamuloli lilipo, kuti achimwene athu a zamagetsi aja tiwapemphe nthawi ikadalipo.

Mphunzitsi uja akufuna yankho mwezi uno usanathe, chifukwa makina ake anthu ena amawabwerekanso. Nambala yake ndapereka kwa a wapampando. Zithunzi ndidzabwera nazo pa msonkhano wathu wotsatira, kupatula cha utsi uja, poti nthawi imeneyo foni inali m'thumba ndipo ine ndinali panja.