Loweruka lino tikambirana za Lucille Ball

Mamembala nonse a gulu lathu la zisudzo,

Tikumana Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, pamalo athu a nthawi zonse. Ulendo uno tionera ndi kukambirana ntchito za mayi Lucille Ball, katswiri wa sewero loseketsa la pa TV la I Love Lucy, lomwe linkaulutsidwa pa kanema wa CBS ku America kuyambira 1951 mpaka 1957.

Mayiwa anabadwira ku Jamestown, New York, mu 1911. Anavutika zaka zambiri akusewera mbali zing'onozing'ono m'mafilimu, ndipo seweroli linayamba iwo ali ndi zaka 40. Akuluakulu a CBS ankakayika zoti Desi Arnaz, mwamuna wawo weniweni wa ku Cuba, akhalenso mwamuna wawo m'seweromo. Mayi Ball anakakamira mpaka zinatheka. Ukwati utatha, anagula gawo la Arnaz m'kampani yawo ya Desilu mu 1962, n'kukhala mayi woyamba kutsogolera kampani yaikulu yopanga mapulogalamu a TV. Sewero lina lotchuka la pa TV la Star Trek linachokera kumeneko. Anamwalira mu 1989.

Tidzaonera gawo la I Love Lucy la ku fakitale ya chokoleti, pomwe makina akuthamanga kwambiri ndipo mayiwa, posowa chochita, akubisa chokoleti m'kamwa, m'chipewa ndi m'malaya. Inu amene mumadalira kukuwa kuti anthu aseke, mudzayang'anitsitse nkhope yawo: masaya atatupa, maso ali tong'o, osatulutsa mawu.

Za Chingelezi musade nkhawa, tidzamasulirana. Amene muli ndi sipika mudziwitse mlembi lisanafike Lachinayi, yathu ija inapsa.