Kalata kwa mwana wanga ku England

Mwananga,

Azakhali ako anabwera Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, ndipo zimene anatiuza zawasowetsa tulo mayi ako. Akuti galimoto unatitumizira chithunzi ija ndi yangongole, ndalama za malata zija unatapa pa khadi la kubanki, ndiye tsopano ukufuna kusiya ntchito yako ya nyumba zakale kuti ukalowe ya usiku yolipira msanga. Ngati ndi bodza undiuze. Koma ngati ndi zoona, iwe mwana iwe, unatibisiranji?

Ife sitinakupemphe malata. Denga likudontha pakona imodzi yokha, mayi ako amatcherapo beseni, ndipo dzinja likutha bwinobwino. Ngongole ya pa khadi imabereka chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, kaya wagona kaya wadwala, siisiyana ndi katapila. Ukubwereka mapaundi kuti anthu kuno azinena kuti mwana wa uje zake zinayera? Anthu omwewo sadzakuthandiza kubweza ngakhale tambala.

Ndiwe wemwe unandidziwitsa za Nikolaus Pevsner, katswiri wa mbiri ya kamangidwe ka nyumba uja, sunkatha kukamba mawu awiri osamutchula. Tsono mbiri yake unaiwerenga ndi maso ati? Mkuluyu anabadwira ku Leipzig, ku Germany, mu 1902, ankaphunzitsa pa yunivesite ya Göttingen, ntchito n'kumuthera mu 1933 chifukwa cha malamulo a Hitler osala Ayuda. Anafika ku England ali mlendo ngati iweyo, kumbuyo kuli mkazi ndi ana atatu. Munthu wophunzira chotero anakalembedwa ntchito yoguliratu katundu wa m'sitolo ya mipando ya Gordon Russell. Mu 1940 anamutsekera ku kampu ya Huyton, kufupi ndi Liverpool, poti anali wochokera kudziko la adani, ndipo atatuluka anagwirako ntchito yowola zigumukire za nyumba zophulitsidwa ndi mabomba m'misewu ya London. Zonsezo anapirira, koma maso ake sanachoke pa nyumba.

Mabuku ake aja a The Buildings of England, ofotokoza nyumba za m'chigawo chilichonse cha England, anayamba kutuluka mu 1951, iye ali ndi zaka 49, ndipo lomaliza, la Staffordshire, linatuluka mu 1974. Mabuku 46, ambiri mwa iwo analemba yekha. Ankadikira tchuthi cha ku koleji ya Birkbeck ku London kumene ankaphunzitsa, n'kunyamuka. Poyamba ankayendera galimoto yakale yobwereka, mkazi wake Lola ali pa chiwongolero, iye n'kumatsika pa tchalitchi chilichonse, kuona mazenera, zipilala ndi denga, madzulo n'kukhala pansi kulemba zonse asanagone. Galimoto yakale, mwananga. Ulemu woti Sir unamupeza mu 1969, ali ndi zaka 67. Iwe wagwira zaka zingati kuti uyambe kale kutopa?

Sindikunyoza ntchito ya usiku, ayi. Ganyu alibe manyazi. Ngati pakufunika kuti Loweruka uzikagwira kwina mpaka ngongoleyo ithe, gwira. Chimene ndikukana n'kutaya ntchito imene unaivutikira chifukwa cha galimoto. Malo oterowo ndi ochepa, unanena wekha, ndipo ukatuluka wina alowa mawa lake.

Ndikulemba chonchi ndakumbukira tsiku lija tinapita ku St Michael and All Angels ku Blantyre. Anzako ankathamangitsana pa kapinga, iwe unaima chilili n'kundifunsa chifukwa chake nsanja ziwiri zija sizifanana. Ndinakuuza kuti mmishonale David Clement Scott sanaphunzire za mapulani a nyumba, kuti iye ndi amisiri akuno anaimanga kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi njerwa zoumba ndi kuwotcha komweko. Unapita kukasisita njerwazo ndi chala, imodzi imodzi, mpaka mayi ako anakukoka dzanja. Ndipo utabwera ku tchuthi ulendo watha uja unakalipira amalume ako chifukwa chomata simenti pa khoma lakale la agogo, ukuti simenti imatsekera chinyezi m'kati njerwa n'kuyamba kufumbutuka, pafunika laimu. Amalume ako anaseka, koma pita ukaone khomalo lero. Ndinanyadira tsiku limenelo ngakhale sindinakuuze. Mutu umenewo ndi woti ukauthere pa ngongole?

Galimotoyo ugulitse. Basi ndi sitima zilipo, anzako akukwera. Kuno usatumize kalikonse mpaka khadilo litayera, ndipo mlongo wako ndamuuza kale kuti asakuimbire za fizi, tigulitsa mtedza. Wina aliyense wa kuno akakupempha, umuuze kuti afunse ine. Lendi ulipire poyamba, chakudya udye chokwanira, mayi ako akuti pa chithunzi chija masaya alowa.

Ndikudziwa kuti unachita zimenezi chifukwa chotikonda. Komabe ndakwiya nawe, chifukwa nkhani yotere ndaimvera kwa azakhali ako osati kwa iwe. Lamulungu likubwerali undiimbire madzulo, ukhale ndi pepala m'manja, undiwerengere ngongole yonse mmene ilili, ya galimoto payokha, ya khadi payokha, usachotsepo kanthu. Kalata yosiyira ntchito usalembe tisanalankhulane.

Mayi ako akupereka moni, ndipo akukupempherera.

Ndine bambo ako.