Kwa mwana wanga, za mowa ndi kuchepetsa thupi

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi apongozi anga ndi adzukulu. Kuno ku Domasi tonse tadzuka bwino.

Mlongo wako wandiuza kuti wayamba kulawirira m'mawa n'kumayenda wapansi kuchokera ku Matawale mpaka kuntchito m'tauni, ndiponso kuti nsima wachepetsa, ukudya mitanda iwiri m'malo mwa itatu. Zimenezi zandisangalatsa kwambiri. Koma akuti ukudandaula kuti miyezi iwiri yatha sikelo ili pomwepo. Mwana wanga, usalimbane ndi nsima yokha. Yang'ana zimene umachita Lachisanu ndi Loweruka madzulo.

Mowa ndi chakudya, kungoti sukhutitsa. Mphamvu ya m'zakudya imayezedwa m'makalori. Galamu imodzi ya shuga kapena ufa ili ndi makalori 4, ya mafuta ili ndi 9, ya mowa weniweniwo, uja woledzeretsa, ili ndi 7. Waona kuti mowa wayandikana ndi mafuta? Botolo la 330 ml la mowa wa 5 peresenti lili ndi magalamu 13 a mowa, ndipo tikaphatikiza ndi zotsalira za chimera, limafika pa makalori pafupifupi 150. Munthu wa thupi ngati lako ayenera kuyenda makilomita awiri ndi theka kuti botolo limodzilo lipse. Tsono werenga wekha. Mabotolo anayi Lachisanu, anayi Loweruka, ndi makalori 1,200. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori pafupifupi 7,700, ndiye kuti pa mwezi mowa wokhawo ukukubwezera mafuta oposa theka la kilogalamu. Thukuta lonse la pamsewu wa ku Matawale likuthera m'botolo.

Chimene anthu ambiri sachidziwa chili m'chiwindi. Thupi lili ndi nkhokwe ya mafuta, lili ndi posungira shuga, koma mowa lilibe poika. Ukangolowa m'magazi, chiwindi chimaika ntchito zina pambali n'kuyamba kuuphwanya, chifukwa kwa icho mowa ndi poizoni. Nthawi yonse imeneyo kuwotcha mafuta kumachepa kwambiri, ndipo mafuta amene wadya usiku womwewo amangosungidwa. Kwa amuna, malo ake ndi pamimba ndi mozungulira ziwalo za m'kati, ngakhale m'chiwindi momwemo. Chiwindi sichithamanga ayi. Botolo limodzi chimalimaliza pa ola limodzi ndi theka kapena kuyandikira pamenepo, choncho mabotolo anayi ndi maola ngati 6. Khofi, kusamba madzi ozizira kapena msuzi wa mang'ina sizifulumizitsa ntchito imeneyi.

Ndiye pali chiwaya. Mowa umautsa njala ndipo umafooketsa mtima wokana. Munthu amene masana anakana mandasi, ikamakwana 10 koloko usiku amapezeka ataimirira pa chiwaya, chotokosera m'manja, akutola tchipisi ndi kanyenya wa mbuzi wonyezimira mafuta, akuviika pa mchere ndi tsabola. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo tchipisi cha pa chiwaya chimamwa mafuta ngati thonje. Mcherewo umabweretsa ludzu, ludzu limaitanitsa botolo lina. Kukacha ndi matsire, tulo sunagone tokoma chifukwa mowa umadula tulo pakati pa usiku, thupi likufuna zotsekemera ndi zokazinga, ulendo woyenda wa m'mawa wafa.

Anzako adzakuuza kuti siya Green, uzimwa jini, sanenepetsa. Toti ya 25 ml ya mowa wa 40 peresenti ili ndi makalori 55, zoonadi ndi ochepa. Koma ndani amamwa toti imodzi? Ndipo amasakaniza ndi chiyani? Botolo la Coca-Cola la 300 ml lili ndi shuga woposa magalamu 30, amene ndi masupuni ang'onoang'ono ngati 8. Kunyumba, pothira ndi maso, toti imodzi imasanduka ziwiri. Chibuku ndi masese ndiye phala lenileni la chimanga ndi mapira, ukamwa lita imodzi wadya ndi kumwa pakamodzi. Za kachasu sindifuna n'komwe kuti uziganize, mphamvu yake palibe amaiyeza.

Chimene ndikukuletsa kwambiri ndi ichi: usamadumphe chakudya kuti upezere mowa malo. Ambiri amatero, masana osadya nsima ati asunge makalori a madzulo. M'mimba mukakhala mopanda kanthu mowa umalowa m'magazi msanga, umaledzera mofulumira, ndipo poti chiwindi chatanganidwa ndi mowa, chimalephera kutulutsa shuga wokwanira. Shuga akatsika munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, amatha kukomoka, anthu n'kumati wangoledzera. Kwa amene amamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin, zimenezi zimatha kupha. Ndipo pamapeto pake njala ija imakupititsabe pa chiwaya.

Usanamizidwenso ndi sikelo ya Lamlungu m'mawa. Mowa umakodzetsa, ndiye ukhoza kuona kilogalamu yatsika, koma atsikawo ndi madzi, Lachiwiri abwerera. Dziyeze kamodzi pa sabata, Lachinayi m'mawa, utachoka kuchimbudzi, usanadye. Ugulenso tepi ya atelala mu msika wa Zomba, uziyeza mimba podutsa pa mchombo, utatulutsa mpweya, osaikoka m'kati. Mwamuna akapitirira masentimita 94 chiopsezo cha shuga ndi BP chimayamba kukwera, akapitirira 102 ndiye chakwera kwambiri. Tepi imanena zoona kuposa sikelo.

Pempho langa ndi lakuti usiye kaye mowa kwa masabata 6, osasintha china chilichonse, kuti uone ndi maso ako mbali imene mowa ukutenga. Ukapita kokaonera mpira ndi anzako, itanitsa soda water, finyiramo ndimu, ukhale ndi chogwira m'manja, anthu sakuvutitsa kwambiri akaona tambula ili yodzaza. Koma samala polowetsa china m'malo mwa mowa. Thobwa wothira shuga, maheu ndi Sobo zikhoza kukubwezera makalori omwe aja.

Masabata 6 akatha, ngati wasankha kumwako, dziikire malire usanachoke pakhomo. Tsiku limodzi pa sabata, mabotolo awiri basi. Yamba wadya kunyumba, mtanda umodzi kapena iwiri, matemba a ku Chilwa kapena nyemba, ndi masamba odzaza theka la mbale, bonongwe kapena nkhwani. Pakati pa botolo ndi botolo imwa tambula ya madzi. Tenga ndalama ya mabotolo awiriwo yokha, ndipo usalowe m'maraundi, chifukwa pa tebulo la anthu asanu raundi ikazungulira wamwa asanu, ufune usafune. Galimoto uisiye kunyumba.

Chomaliza ndikufunsa monga mayi ako, ndipo undiyankhe zoona. Kodi ndi Lachisanu ndi Loweruka lokha? Ngati umamwa tsiku ndi tsiku, ndipo ukakhala osamwa manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, tulo sitibwera, usasiye mwadzidzidzi wekha kunyumba. Thupi lozolowera mowa likausowa mwadzidzidzi limatha kugwa ngati khunyu, ndipo zimayamba pakati pa maola ochepa ndi masiku atatu. Zikakhala choncho pita ku Zomba Central Hospital, uwauze madokotala kuchuluka kwenikweni kwa mowa umene umamwa, akuthandize kusiya bwinobwino. Ukapita kumeneko upemphenso akuyeze BP ndi shuga.

Undipatsire moni apongozi anga. Ukamabwera kumapeto kwa mwezi utenge tepi ija, tidzayeze tonse.

Ndine mayi ako.