Anthu amati ndine waukali pomwe ine ndimadziona wamantha: ndikhulupirire ndani?

Alangizi,

Ndati nane ndikutulireni nkhawa yanga. Si ya ndalama, si ya kusamvana m'banja. Ena akhoza kuiona yaing'ono, koma ine ikundisowetsa tulo.

Ndine mayi wapabanja, wa ana awiri, ndipo ndimagwira ntchito mu ofesi. Chiyambire ubwana wanga ndimadzidziwa kuti ndine wamanyazi. Pagulu ndimakhala chete poopa kulankhula zopanda mutu. Pamsonkhano wa kuntchito ndikafuna kuyankhulapo, ndimayamba ndakonza mawu mumtima, m'manja muli thukuta, ndipo ikafika nthawi ndimangonena mawu ochepa n'kutseka pakamwa. Umu ndi mmene ndakhala ndikudzionera moyo wanga wonse.

Posachedwapa mtsikana wina wa kuntchito, titazolowerana, anandiuza akuseka kuti atangobwera ankandiopa kwambiri. Akuti anzake anamuchenjeza kuti, "Mayi ajawa ndi odzimva, samwetulira, akakuyang'ana umachita kuzizidwa." Ndinaseka naye, koma mumtima munali mukuwawa. Madzulo ake ndinaimbira foni mng'ono wanga poganiza kuti anditonthoza. Anakhala kaye chete, kenako anati, "Achemwali, musakhumudwe, koma nanenso ndinakula ndikukuopani." Bambo a kunyumba nditawafunsa anangoti, "Mayi, nkhope yanu ikakhala phee imaoneka ngati mwakwiya. Ine ndinazolowera."

Chimene chinandimaliza ndi uthenga wa mawu umene ndinatumizira mwana wanga wamkulu pa WhatsApp. Anautsegula ine ndili pomwepo. Ndinkangomuuza kuti asachedwe chifukwa kunja kukuda, ndipo pojambula uthengawo mtima wanga unali wodzaza ndi nkhawa ya kholo. Koma amene ndinamumva pafonipo anali mayi wa mawu owuma, odula, olamula. Mwanayo nkhope inali itagwa. Ndinadzifunsa kuti, kodi ana anga amamva mayi ameneyu tsiku ndi tsiku?

Ndinayamba kuwerenga za nkhaniyi. Ndinapeza kuti munthu akamalankhula, mawu ake amafika m'makutu mwake kudzera mumpweya komanso kudzera m'mafupa a m'mutu, n'chifukwa chake mwiniwake amawamva akuya kusiyana ndi mmene ena amawamvera. Ndiye kuti mawu amene ndakhala ndikuwadziwa ngati anga palibenso wina anawamvapo. Zimenezi zinandiziziritsa nkhongono.

Ndinakumbukanso chithunzi cha diresi chimene chinazunguza anthu pa intaneti mu 2015. Ena ankalumbira kuti ndi loyera ndi lagolide, ena ankati ndi labuluu ndi lakuda, pomwe onse akuyang'ana chithunzi chimodzi. Diresilo linalidi labuluu ndi lakuda, koma ubongo wa aliyense unkadziganizira wokha za kuwala kumene kunali pamalopo, n'kusintha mitundu mwiniwake osadziwa. Palibe ankanama. Palinso kafukufuku wa mu 1999 wa Daniel Simons ndi Christopher Chabris. Iwo anaonetsa anthu vidiyo ya achinyamata akuponyerana mpira, n'kuwauza kuti awerenge kuti ovala zoyera aponyerana kangati. Pakati pa masewerawo panadutsa munthu atavala ngati nyani wamkulu uja amati gorila, koma pafupifupi theka la oonerawo sanamuone n'komwe, maso ali tong'o.

Apa m'pamene mutu wanga waima, Alangizi. Ngati maso angaphonye chinthu chachikulu chotero chifukwa maganizo ali pa zina, nanga ine ndaphonya zingati pa anthu amene ndimakhala nawo? Apongozi anga aakazi ndakhala ndikuwaona ngati sandifuna, chifukwa ndikafika salankhula zambiri ndipo sandiyang'ana m'maso. Tsopano ndikuganiza kuti mwina nawonso ndi amanyazi ngati ine, ndipo zaka zonsezi takhala tikuopana, aliyense akuyesa mnzake ndiye wouma mtima. Paja amati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Koma sindinkadziwa kuti nkhope yanga yomwe ili tsidya limene ine sindingafikeko.

Anzanga ena akuti ndisamasamale zonena za anthu, bola ine ndikudziwa mtima wanga. Mawuwa ndi okoma, koma sindikugwirizana nawo. Ngati mwana wanga amazengereza kundiuza vuto lake chifukwa amandiopa, mantha akewo ndi enieni, ndipo ubwino umene uli mumtima mwanga sumuthandiza ngati sakuuona. Komanso mantha anga ine ndi enieni. Thukuta la m'manja lija sindichita kupeka. Ndiye zoona zili kuti? Kodi ine ndi amene ndimadzimva m'kati, kapena amene anthu amamuona kunja?

Ndayesa kumwetulira kwambiri ndi kuyamba ine kupereka moni. Anthu ena asangalala nazo, koma ine ndimamva ngati ndikuchita sewero, ndipo pofika madzulo ndimakhala nditatopa kuposa kale. Choipa china n'chakuti tsopano ndimadzilondalonda. Ndikamacheza ndi munthu, m'malo momvetsera zimene akunena, ndimakhala ndikuganiza za nkhope yanga, kuti kodi pano ikuoneka bwanji. Ngakhale popemphera maganizo amenewa amandipeza.

Chonde ndithandizeni. Kodi munthu angasinthe mmene amaonekera kwa ena popanda kudzinamiza? Ana angawa ndiwayambe bwanji, ndiwauze poyera kuti mayi awo ndi amantha, kapena kutero n'kuwasenzetsa katundu wosayenera msinkhu wawo? Nanga apongozi anga, n'koyenera kuti mtengwa ngati ine ndikawafunse mmene amandionera, kapena ndingoyamba kuwayandikira mwakachetechete? Ndipo ngati pali njira yoti ndileke kudzilondalondaku, ndiuzeni, chifukwa kukundilanda mtendere umene ndinali nawo ndisanamve zonsezi.

Ndine,
Mayi wothedwa nzeru