Kwa mpingo wonse, makamaka inu mwangosankhidwa kumene m'maudindo

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatseni moni mdzina la Yesu Khristu. Masankho aja atha bwino, tili ndi akulu ampingo atsopano, atumiki, komiti ya amayi, ya achinyamata ndi ya kwaya, nde musanayambe mamiting'i anu ndati ndikulembereni pa gulupu pompano kuti aliyense awerenge, osankhidwa ndi osankha omwe.

Sabata ino ndakhala ndikuwerenga 1 Mafumu 12 mobwerezabwereza. Solomo atamwalira mwana wake Rehobowamu anapita ku Sekemu kukalongedwa ufumu, anthu nkubwera ndi dandaulo limodzi basi, kuti bambo anu anatilemetsa goli ndi thangata, tipepukitsireniko ndipo tidzakutumikirani. Iye anapempha masiku atatu. Anafunsa madoda omwe ankagwira ntchito ndi bambo ake, iwo nkumuuza kuti mukawatumikira anthuwa lero ndi kuwayankha mawu okoma adzakhala anu mpaka kalekale. Koma paja mawu a akulu amakoma akagonera, iye anawasiya nkukafunsa anzake omwe anakula nawo, ndipo tsiku lachitatu anayankha mwaukali kuti bambo anga ankakukwapulani ndi zikoti ine ndikukwapulani ndi zinkhanira. Abale, mafuko 10 pa 12 anachoka chifukwa cha yankho limodzi limeneli. Atatuma Adoramu, kapitawo wa thangata uja, anthu anamugenda mpaka kufa, mfumu nkuthawira ku Yerusalemu pa galeta. Ndipo musaganize kuti anali kamnyamata ayi, munthuyu anali ndi zaka 41.

Chomwe chimandikhudza nchoti anthu aja sanabwere kudzaukira. Anabwera ndi mtima wofuna kukhala pansi pake, amangofuna awamvere chisoni.

Ineyo ndinalakwitsapo pa zimenezi ndipo mpaka lero zimandipwetekabe. Zaka zanga zoyambirira mu utumiki tinali pa ntchito yomanga tchalitchi, ndalama sizimalowa, nde ndinalola kuti mayina a omwe sanamalize malonjezo awo awerengedwe kutsogolo Lamulungu. Pa mndandandawo panali mayi wina wamasiye yemwe chaka chimenecho sanakolole kanthu, ine osadziwa chifukwa sindinapiteko kwawo olo kamodzi. Sabata yotsatira ndalama zinalowadi, komiti nkukondwa, koma mayiwo sanapondenso pa tchalitchi miyezi yambiri ndi ana awo omwe. Nditapita kukapepesa anandilandira bwino, anandiyalira mphasa, anangoti abusa mukanangondifunsa. Mawu amenewo sindiwaiwala.

Pena ndimamva ena akuti mtsogoleri akakhala wachifundo anthu amamukwera pamutu. Tamuonani Nehemiya. Atamva kuti olemera akukongoza abale awo mwa katapila mpaka kuwalanda minda ndi ana, anakwiya kwambiri, anawaitanitsa pa gulu nkuwauza maso ndi maso kuti bwezani. Munthu wofewa sangatero. Koma Nehemiya yemweyo kwa zaka 12 zomwe anali kazembe ku Yuda sanatolere chakudya chomwe udindo wake umamulola kutolera kwa anthu, pomwe pa tebulo lake pamadya anthu 150 kuphatikizaponso alendo, ng'ombe imodzi ndi nkhosa 6 tsiku lililonse, ndipo chifukwa chake ananena yekha kuti anthuwo anali atalemedwa kale. Nchifukwa chake atadzudzula anthu anamumvera, amadziwa kuti mtima wake uli pa iwo.

Choncho sindikuti musiye mwambo ayi. Wolakwa aziuzidwa kuti walakwa, ndalama za mpingo ziziwerengedwa bwinobwino ndipo lipoti lizibwera nthawi yake. Koma a tcheya a kwaya, mtsikana akajomba ma pulakatisi katatu muyambe mwamuimbira foni kapena kukamuona musanamuchotse pa mzere, mwina akudwazika. Akulu ampingo, nkhani ya munthu yomwe yakambidwa mu miting'i ithere momwemo, isamveke ku chigayo kapena pa WhatsApp. Inu amayi otsogolera, mtsikana akapezeka ndi mimba asanakwatiwe mwambo wa mpingo ulipo ndipo tiutsatira, koma pakati pa inu papezeke wina wopita kukakhala naye pansi ngati mayi ake, chifukwa nthawi imeneyo ndi yomwe ambiri timawataya osabweranso. Asungichuma, wopereka K500 mumulandire ndi nkhope yomweyo yomwe mumalandirira wopereka K50,000.

Nanunso amene simuli pa udindo, atsogoleriwa ndi anthu, ali ndi mabanja ndi mavuto awo ndipo salandira malipiro pa ntchito imeneyi. Akalakwitsa bwerani mudzawauze mwaulemu kapena mundipeze ineyo, osati kukawanena kumbali.

Loweruka likubwerali tikumane atsogoleri nonse ku tchalitchi 9 koloko m'mawa. Aliyense abwere ndi mayina a anthu a mdera lake omwe anasiya kubwera ku mapemphero, tigawane tiyambe kuwayendera awiriawiri, ndipo buku la zopereka tilisiya ku ofesi.

Ambuye akusungeni nonse pamodzi ndi mabanja anu.

Ine mbusa wanu