Zikomo kwa a ku wodi ya ana odwala khansa ku Gulupu

Kwa Mkulu wa Chipatala cha Queen Elizabeth,
Blantyre.

Wolemekezeka Bwana,

Ndine bambo wa ku Chikwawa, ndipo mwana wanga wamwamuna anagonekedwa ku wodi ya ana odwala khansa yotchedwa Sobo chaka chatha. Ndati ndilembe kuti ndithokoze. Mnyamatayo ali gwa, anabwerera kusukulu, mpiranso akumenya.

Matenda ake anali khansa yotchedwa Burkitt lymphoma. Anayamba ngati dzino, koma posakhalitsa tsaya lonse linatupa, mano n'kuyamba kugwedera, diso n'kutuzuka. Kumudzi ambiri ankati mwana walodzedwa. Adokotala anu anatikhazika pansi n'kutiuza kuti chotupachi chimakonda ana a kumadera otentha kumene malungo satha, monga kwathu ku Chigwa cha Shire ndi kunyanja, ndiponso kuti chimakula msanga koma chimamvanso mankhwala msanga. Sananame. Atangolandira mankhwala otchedwa cyclophosphamide, tsaya linayamba kuphwa ife tikuona.

Pokhala gadiyani umamva zambiri, ndipo dzina limene linandikhala mumtima ndi la Pulofesa Elizabeth Molyneux. Mayiwa anafika m'dziko muno mu 1974, anabwerera ku Liverpool, n'kudzabweranso mu 1995 kudzatsogolera za matenda a ana ku College of Medicine. Chimene ndikuwayamikira kwambiri n'chakuti kafukufuku wawo anayambira pa moyo wa ife akumudzi. Ku Ulaya khansayi amaichiza ndi mankhwala amphamvu kwambiri, ofuna magazi ambiri oika m'thupi ndi chisamaliro chodula. Mwana wofika ali wonyentchera sangawapirire. Iwo pamodzi ndi anzawo, monga Pulofesa Peter Hesseling a ku yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa, anafufuza njira yaifupi ndi yotsika mtengo, ina mwa izo ya masiku 28 okha, jakisoni wa pamsana ali momwemo. Siinkachiza onse, ayi, amene ankapulumuka anali pafupifupi theka la anawo. Koma theka ndi ana ambiri pa nthenda yomwe ukaisiya imapha m'miyezi yochepa.

Masiku 28 amene ndatchulawa wa m'tauni sangamve kulemera kwake. Mlimi akakhalitsa kuchipatala nthawi ya dzinja, munda umalowa thengo, ana otsala kunyumba amagona ndi njala, ndiye makolo ena amathawitsa mwana mankhwala asanathe. Si kuuma mtima, ndi umphawi. Ofufuzawo zimenezi anaziona, n'chifukwa chake pambali pa mankhwala anaganizira za chiponde ndi ndalama ya thiransipoti, ndipo ankalondola ana mpaka kumidzi kukaona ngati chotupa sichinabwerere.

Anamwino a ku Sobo ndiwaiwala bwanji? Usiku umene mnyamata wanga anasanza mpaka kulefuka, mmodzi wa iwo anakhala pambali pa bedi akukonza diripu, uku akumuseketsa kuti tsitsi lothothokalo lidzamera lokongola kuposa la bambo ake.

Pempho langa ndi limodzi, Bwana. Ana ambiri amene tinagona nawo anafika mochedwa, mimba zitatupa kale. Mukamakumana ndi akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo, akumbutseni kuti azaumoyo a m'midzi ndi a zipatala zazing'ono aziphunzitsidwa kuzindikira chotupachi, kuti mwana azitumizidwa kwa inu sabata yomweyo. Ine kwathu ndayamba kale kuuza makolo kutchalitchi ndi pamisonkhano ya amfumu.

Mundiperekere moni kwa madokotala, anamwino ndi amayi okolopa mu wodi muja.

Ine wanu,
Bambo wa mwana wochira,
Chikwawa.