Kwa achemwali anga, za mimba pa zaka 41

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ku Manchester ndili bwino, ntchito ikuyenda. Amayi andiuza pafoni kuti ndinu oyembekezera ndipo mwezi wachinayi uli mkati. Ndakondwa kwambiri, ndipo ndikuthokoza Mulungu. Koma andiuzanso kuti sikelo simunayambe. Ati mukuchita manyazi kukakhala pamzere ndi atsikana amsinkhu wa mwana wanu woyamba, komanso mukuti munabereka kanayi popanda vuto, njira mukuidziwa. Mawu amenewa ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe, poti pafoni nkhaniyi mumaizemba.

Achemwali, ndinu akulu anga ndipo munandilera, choncho mundikhululukire ndikalankhula mosabisa. Thupi limene linabereka ana anayi aja linali la mayi wazaka za m'ma 20. Lero muli ndi zaka 41, ndipo chiberekereni mwana womaliza papita zaka zoposa 10. Kuchipatala mimba ya mayi amene wafika zaka 35 timaiyang'anira mwapadera, ndipo akadutsa 40 timaonjezera chidwi. Amayi ambiri amsinkhu wanu amachira bwinobwino, ndimawaona kuwodi kwathu akutuluka ndi ana athanzi. Koma amene amatero kawirikawiri ndi aja amene vuto lawo linaoneka msanga.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi BP. Pali matenda otchedwa pre-eclampsia, amene amayamba mimba ikapitirira masabata 20. Gwero lake ndi nsengwa: ikapanda kumera bwino m'chiberekero, mitsempha ya mayi imapanikizika, magazi amathamanga, impso zimavutika, ndipo mwana salandira chakudya chokwanira. Kuipa kwake ndi kwakuti poyamba sapweteka. Mayi amadzuka, kugwira ntchito zake, kuseka ndi anzake, pamene BP yafika kale 140/90 kapena kuposa. Ndinalandirapo mayi wina amene anabwera akungoti mutu ukumuwawa ndipo akuona tinyenyezi m'maso. Nditamanga lamba wa BP pamkono, nambala imene inatuluka inandichititsa kuitana dokotala pompo. Kapepala koyezera mkodzo kanasintha mtundu nditangokaviika. Mphete inali itamira m'chala chifukwa chotupa, koma iye ankati n'kunenepa kwa mimba. Anapulumuka pamodzi ndi mwana wake chifukwa anafika asanayambe kukomoka.

Ndiye muone chifukwa chake ndikuumirira kuti mupite sabata ino. Malangizo amene timatsatira kuno, a bungwe la NICE lolangiza za umoyo kuno ku England, amati mayi wazaka 40 kupita m'tsogolo, amenenso watha zaka zoposa 10 osatenga mimba, apatsidwe asipirini wamphamvu yochepa tsiku lililonse kuyambira masabata 12, kuti chiopsezo cha matendawa chichepe. Zonse ziwirizi zikukukhudzani. Mankhwalawa amathandiza kwambiri akayambidwa masabata 20 asanakwane, ndipo inu nthawi imeneyo yayandikira. Musakagule nokha. Mukauze anamwino zaka zanu zenizeni, osachotsako, muwauzenso chaka chimene munabereka komaliza, ndipo iwo aone ngati ndi woyenera kwa inu.

Bungwe la WHO kuyambira 2016 limalangiza kuti mayi aonane ndi achipatala kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, ulendo woyamba masabata 12 asanathe, ndiponso kuti aunikidwe ndi sikani masabata 24 asanakwane. Ulendo woyamba wakudutsani, koma sikani nthawi ikadalipo, ndipo muipemphe. Imaonetsa msinkhu weniweni wa mimba, imaonetsa ngati muli mapasa, amene amachulukirako kwa amayi akuluakulu, komanso pamene nsengwa yakhala. Ikakhala m'munsi n'kutseka khomo la chiberekero, mayi amataya magazi ambiri ndipo amafunika opaleshoni. Zimenezi ndi bwino kuzidziwa miyezi isanathe, osati matenda atayamba pakati pa usiku.

Shuga wa pamimba nayenso amakonda msinkhu wanu, ndipo amayezedwa pakati pa masabata 24 ndi 28. Akalekereredwa mwana amakula mopitirira n'kuvuta potuluka. Mapiritsi oonjezera magazi muzimwa tsiku ndi tsiku ngakhale amachititsa nseru ndi kudetsa chimbudzi. Mayi wochepa magazi akataya ngakhale pang'ono pobereka amafooka msanga. Katemera wa kafumbata, mankhwala oteteza malungo, kuyezetsa HIV ndi chindoko, zonsezi mukuzidziwa kale, mulandire monga mwa nthawi zonse. Mankhwala ena aliwonse amene sanachokere kwa achipatala musamwe, makamaka oti afulumizitse matenda.

Amayi ananditchuliranso kuti wina anakuopsezani kuti mwana wa paukulu amabadwa wolumala. Ndikuuzeni zoona zake. Chiopsezo cha Down syndrome, vuto lobadwa nalo lochedwetsa kukula kwa thupi ndi nzeru za mwana, chimakweradi ndi zaka za mayi, ndipo pa zaka 40 chimakhala pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100. Otsalawo, pafupifupi 99, amabadwa opanda vutoli. Ndipo chimenechi sichibwera chifukwa cha zimene mayi wachita kapena wadya. Ngati nkhawa imeneyi ndi imene ikukubisitsani m'nyumba, ikambeni ndi anamwino, musaisenze nokha.

Alamu, mbali iyi ndi yanu, ndipo ndikupempha muiwerenge kawiri. Mkazi wanu akadandaula mutu waukulu wosamva mankhwala, akamaona zinthu mwachimbuuzi, akatupa nkhope ndi manja, akamva kupweteka pansi pa nthiti chakumanja, akataya magazi kapena madzi, akatentha thupi, kapena akanena kuti mwana wachepetsa kugunda, musadikire kuti kuche. Nyamukani nthawi yomweyo. Achemwali anga ndimawadziwa, adzakuuzani kuti ziona zokha, musadzawamvere. Konzeranitu galimoto yoti idzawanyamule ndi munthu wotsala ndi ana, ndipo ndalama imene nditumize mwezi uno muisungire zimenezo. Mwezi womaliza akakhale pafupi ndi chipatala chimene chimachita opaleshoni ndi kuika magazi, chifukwa chiberekero chimene chabereka kangapo nthawi zina chimachedwa kukhwinyata mwana akatuluka, ndipo magazi akayamba kutayika sadikira munthu. Tsiku loyembekezeka likakwana matenda osayamba, akaonedwe ndi dokotala, poti pamsinkhu uwu nsengwa imatha kutopa msanga. Akachira musatayirire: BP ija imatha kukwera ngakhale mwana atabadwa, mpaka masabata asanu ndi limodzi.

Za manyazi zija, achemwali, ndapempha amayi kuti akuperekezeni ulendo woyamba, ndipo avomera. Mukabwerako mujambule tsamba la buku lanu la kuchipatala pamene alemba BP ndi zotsatira za mkodzo, munditumizire pa WhatsApp. Ndidzaimba Lamlungu madzulo ndikaweruka, ndipo foni idzakhale ndi inuyo, osati ana.

Mundiperekere moni kwa onse.

Ndine mng'ono wanu wokukondani.